KATUNDU WOSATULIKA MU MZINDA WA LUSAKA

MUNTHU wa pa ulendo amada nkhawa ndi zinthu zitatu: kamba wa panjira, ndalama yokwerera ndi malo ogona. Koma ine wolemba nkhani ino ndinaphunzira m'mwezi wa September caka ca 2024 kuti ilipo nkhawa yacinai, imene anthu aulemu sakonda kuichula pagulu. Awerengi mundikhululukire, pakuti lero ndiichula. Nkhawa yake ndi ya kumene wapaulendo angatule za m'cimbudzi, ndipo inatizunguza mu Lusaka kuyambira dzuwa lili paliwombo kufikira litalowa.

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, anagwira nchito ku Johannesburg zaka zambiri, ndipo atapuma anagula galimoto imene ili nyumba yomwe. Anabwera nayo kwathu ku Katete kudzaonerera mwambo wa Kulamba, umene umacitika ku Mkaika kumapeto kwa August, pamene Acewa a mu Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Galimotoyo itaima pabwalo la mudzi wathu, ana ndi akulu omwe anaiunjirira. M'kati mwake muli bedi, mbaula, kabati ya mbale, firiji, ndiponso kacipinda kosambiramo kokhala ndi cimbudzi. Agogo ena atasuzumira m'kacipindako anagwira pakamwa, nafunsa kuti, "Nanga dzenje lake lili kuti?" Tonse tinaseka, osadziwa kuti funso lomwelo ndilo lidzatisautsa ku Lusaka.

Dzenje palibe. Pansi pa mpando wa cimbudzico pali kathanki ka pulasitiki kolowa malita ngati 20, monga cigubu cotungira madzi, ndipo amakasolola pa kacitseko ka kunja kwa galimoto. M'kathankimo amathiramo mankhwala a buluu oletsa fungo. Kakadzaza, kanyali kofiira kamayaka, ndipo mwini galimoto ayenera kupeza pokhuthulira. Ku South Africa, ku Ulaya, ku America ndi ku Australia, kumene magalimoto otere ndi ambiri, malo ogonapo alendo a misasa amakhala ndi potaira pake: kadzenje ka simenti kokhala ndi civundikiro, kolumikizidwa ku mipope ya zonyansa, ndi mpope wa madzi otsukira pambali pake. Alamu anazolowera zimenezo, ndipo anali kuyesa kuti mu mzinda waukulu ngati Lusaka malo otere angapezeke pakhonde lililonse.

PA MAPIRI A MANENEKELA

Pobwerera ndinapempha malo m'galimotomo, pakuti ndinali ndi zocita ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupifupi 500 pa mseu wa Great East. Tinatenganso adzukulu awiri a amai athu aang'ono a ku Kabwata, amene anali kumudzi pa holide. Tinagona kawiri panjira, ku Petauke ndi ku Nyimba, alamu akuona abale ao. Ana aja anadya nthoci za pa Nyimba mosaleka, naonjezera nsomba zokazinga za pa mlatho wa Luangwa, kotero kuti citseko ca kacipinda kaja sicinapume. Tikukwera mapiri a Manenekela, kanyali kofiira kanayaka.

Pano ndiyenera kuulula kulakwa kwanga. Ndine amene ndinati, "Alamu, imani apa. Thengo lonseli, adzationa ndani?" Alamu anaimadi pambali pa mseu, ndipo tinali titasolola kale kathanki kaja pamene mlongo wanga, amene anagwirapo nchito ya unamwino, anatsika natiitana kuti tiyang'ane kunsi kwa phiri. Kumeneko kunali khwawa louma, ndipo amai atatu anali atafukula mcenga pakati pake, ali khale kudikira kuti madzi adzaze m'kadzenje atunge ndi cikho. Mukumbukira kuti 2024 cinali caka ca cilala, cimene Boma linalengeza mu February kuti ndi tsoka logwera dziko lonse.

"Alongo," anatero iye, "mvula yoyamba ikagwa, zimene mukhuthule pano zidzatsikira kuti? Si m'kadzenje kaja? Madzi saiwala khwawa." Ndinasowa poyankha. Tinabwezera kathanki m'malo mwake, ndipo ana anauzidwa kuti cimbudzi catsekedwa.

Wina angafunse kuti bwanji sitinangolunjika nako ku Kabwata, kumene tinali kukasiya ana. Yankho mulidziwa inu nomwe. Amai aang'ono a mkazi ndi apongozi, ndipo mkamwini amene amapatuka m'njira akaona apongozi ake akubwera sangalowe pakhomo pao atasenza zotere. Alamu ananenetsa kuti kuli bwino azungulire mzinda wonse kusiyana ndi kudzicotsa ulemu motero.

KU CHELSTONE

Tinaoloka mtsinje wa Chongwe, umene unali utacepa madzi ndithu, tinapitirira mphambano ya ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, ndipo dzuwa lili paliwombo tinaona thanki yaitali ya madzi ya ku Chelstone. Kwa ife a kum'mawa thanki imeneyi ndiyo cizindikiro cakuti ulendo watha: a m'basi akaiona amayamba kuvala nsapato ndi kudzutsa ana. Kuyambira pamenepo minda imatha, ndipo m'malo mwake mumabwera mipanda ya njerwa, masitolo, ogulitsa makala ndi timabasi tolimbirana anthu.

Tinapatukira pa malo ena omwetsera magalimoto mafuta. Mnyamata wothira mafuta atamva kuti tifuna pokhuthulira, anayesa kuti tinena za oilo wa mu injini. Alamu atatsegula kacitseko kaja namuonetsa, mnyamatayo anabwerera m'mbuyo mapazi awiri, nathamanga kukaitana woyang'anira. Woyang'anirayo anali munthu waulemu. Anatifotokozera kuti cimbudzi cao sicinalumikizidwe ku mipope ya mzinda, koma cili ndi dzenje lakelake la simenti, limene amalipira ndalama kuti lipopedwe likadzaza. Tsono sakanatha kulandira katundu wa alendo, makamaka wothiridwa mankhwala amene iye sanali kuwadziwa.

Tikukambirana motero, panafika mnyamata wina amene anali kumvetsera capatali. "Bwana, musavutike," anatero. "Ndipatseni ya sopo cabe, ine ndikataya kuseri." Mlongo wanga anamufunsa kuti, "Kuseri kuti, mwana wanga?" Iye analoza ngalande ya madzi a mvula imene inali kutsata mseu. M'mphepete mwa ngalandeyo amai anali atayala tomato ndi repu, ndipo ana awiri anali kusewera m'kati mwake. Tinamuthokoza mnyamatayo, tinakwera galimoto, n'kulowera ku tauni.

PA CAIRO ROAD

Kuti mumvetse cifukwa cake cinthu cacing'ono cotere cimavuta mu likulu la dziko, muyenera kudziwa m'mene mzindawu unakulira. Lusaka anayamba mu 1905 ngati poima sitima ya pamtunda, pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka. Mu 1931 katswiri wa ku Britain, Stanley Adshead, anajambula mapulani a likulu latsopano, ndipo mu 1935 Boma la atsamunda linasamukira kuno kucokera ku Livingstone. Mapulaniwo anali a tauni ya mitengo ndi maluwa ya Azungu owerengeka. Anthu akuda anali kuwerengedwa ngati anchito odzagwira ganyu n'kubwerera kwao. Koma anthu anabwera nakhazikika. Mu 1969 mzindawu unali ndi anthu ngati 262,000, ndipo pa kalembera wa 2022 anapitirira 2,200,000. Mipope ya zonyansa sinakule pamodzi ndi anthu. Mwa anthu 10 alionse a mu Lusaka, osakwana awiri ndiwo ali ndi zimbudzi zolumikizidwa ku mipopeyo, ndipo pafupifupi 7 amakhala m'makomboni monga Kanyama, Chawama, George ndi Misisi, kumene ambiri amadalira zimbudzi zokumba.

Tinadutsa Yunivesite ya Zambia ndi masitolo a Manda Hill, n'kulowa mu Cairo Road, mseu waukulu wa tauni umene uli ndi mitengo pakati. Kuimika nyumba yathunthu m'mseu umenewu si masewera. Tinazungulira kawiri, nyumba yaitali ya Findeco ikutiyang'ana, kufikira titapeza kampata m'kamseu ka kuseri. Alamu anatsala kulonda galimoto, ndipo ine, popeza ndine ndinalakwa pa Manenekela, ndinapatsidwa nchito yokoka katundu.

Kathanki kaja kali ndi mawilo ndi cogwirira, ndipo munthu akamakakoka kamaoneka ngati sutikesi ya wapaulendo wolemera. Anyamata oitanira mabasi anandizinga. "Chipata, mudala? Katete? Bweretsani cola tikunyamulireni!" Wina anafika pogwira cogwirira ndithu. Ndinamuuza kuti akadziwa za m'katimo sadzapemphanso kunyamulira munthu cola moyo wake wonse.

Ndinapeza cimbudzi colipira. Pakhomo pake panali mai wina atakhala pa tebulo, mbale ya makobiri ndi timapepala tili patsogolo pake. Nditafotokoza, anandiyang'ana kucokera kumutu kufikira kumapazi. "Atate," anatero, "mtengo uwu ndi wa munthu mmodzi. M'cigubu mwanumo muli anthu angati?" Onse amene anali pamzere anaseka, ndi ine ndemwe. Koma pambuyo pake anandilozera mgolo wa madzi umene unali pakona. M'mipope munalibe madzi kuyambira m'mawa, pakuti caka cimeneco nyanja ya Kariba inaphwa kwambiri, magetsi anali kuzima maola ambiri patsiku, ndipo popanda magetsi makina opopa madzi sayenda. Aliyense wolowa anali kupatsidwa kacitini kamodzi ka madzi. Malita 20 othiridwa nthawi imodzi popanda madzi okankhira akanatseka cimbudzico, ndipo cikatsekeka, nchito ya maiyo yatha.

"Ine ndinaliko mu January 2018," anapitiriza, "pamene asilikali anacotsa ogulitsa onse m'miseu muno, misika n'kutsekedwa. Ana anga anagona ndi njala. Sindifuna kuonanso zimene zija." Anali kunena za kolera imene inabuka mu October 2017 n'kufika mpaka May 2018, imene inagwira anthu pafupifupi 5,900 ndi kupha oposa 100, ambiri a iwo a mu Lusaka. Sindinakangane naye. Ndinakoka sutikesi yanga kubwerera nayo ku galimoto.

KU WOODLANDS NDI KU KABULONGA

Pamenepo alamu anakumbukira mnzao amene anagwira naye nchito ku Johannesburg, amene tsopano akhala ku Kabulonga. "Kumayadi sikungasowe," anatero molimba mtima. Tinakwera mseu wa Independence, kudutsa maofesi a Boma ndi State House, n'kufika ku Woodlands. Kuno phokoso la tauni limatha. Miseu ili ndi mithunzi, mitengo ya jakaranda inali itangoyamba kucita maluwa, ndipo nyumba sizioneka cifukwa ca mipanda yaitali yokhala ndi waya wamagetsi pamwamba. Tinafunsa kwa anyamata otsuka magalimoto pansi pa mtengo, ndipo iwo anavomera msanga. Koma titalondola madzi a sopo ocokera pa nchito yao, tinaona kuti amangoyenderera m'mbali mwa mseu n'kulowa m'nthaka. Mlongo wanga sananene kanthu, anangobwerera m'galimoto.

Kucokera ku Woodlands tinatsata mseu wa Chindo kufikira ku Kabulonga. Mlonda anatsegula cipata cacitsulo, ndipo mnzao wa alamu anatilandira ndi manja awiri, natipatsa tiyi pakhonde. Udzu wa pabwalo pake unali wobiriwira ngati m'dzinja, ngakhale dziko lonse linali gwa. Nkhani yathu itachulidwa, anakanda m'mutu natitengera kuseri kwa nyumba.

Kumeneko tinaona cimene sitinali kuyembekezera. Nyumba zambiri za kumayadi nazonso zilibe mipope ya zonyansa. Cimbudzi ca madzi cimathira m'dzenje la simenti lovundikiridwa, lochedwa seputiki. M'menemo zolemera zimakhazikika pansi, tizilombo tosaoneka ndi maso timazidya pang'onopang'ono, ndipo madzi a pamwamba amapita m'dzenje laciwiri la miyala, m'mene amalowera m'nthaka. Mankhwala ena oletsa fungo amapha tizilombo tothandizato, ndipo tikafa, dzenje limadzaza msanga ndi kununkha. Ndico cifukwa cake mwini nyumba anapepesa. Koma ine maso anga anali pa cinthu cina. Pafupi ndi dzenje la miyala lija panali citsime cakuya ca makina, cimene cinali kubiriwitsa udzu uja, ndi kumene kunacokera madzi a tiyi amene tinali titangomwa. Ndinawerenga mapazi a pakati pake mwakacetecete, ndipo sanakwane 20.

Tili comweco tinamva kulira kwa makina kuseri kwa mpanda. Pa nyumba yoyandikana panali galimoto yopopa zimbudzi, imene a m'tauni amaicha honey sucker, ndiye kuti mpopa uci. Tinatuluka kukaonana ndi woyendetsa wake, bambo wa imvi wovala majombo ndi magolovesi ofika m'zigongono. Mwa anthu onse amene tinakumana nao tsiku limenelo, iye yekha ndiye sanaseke kapena kubwerera m'mbuyo. Anakanyamula kathanki kaja, nakayesa kulemera, nati, "Mukanafika m'mawa ndikanakuthandizani, atate, koma thanki yanga yadzaza mpaka pakamwa."

Tinamufunsa kumene amapita nazo. Anati amakatula ku Manchinchi, pafupi ndi komboni ya Garden, kumene kuli malo akale oyeretserako zonyansa za mzinda, ndipo amalipira pa ulendo uliwonse. Anati alipo ena a nchito yomweyi amene pothawa malipirowo amakhuthula usiku m'chire kapena m'maenje okumbamo miyala. "Iwo amayesa kuti ataya," anatero. "Koma Lusaka yense wakhala pa mwala wobooka. Cimene mwathira pansi lero, mawa mudzacipeza m'kapu."

Mau amenewa ndi oona. Mbali yaikulu ya mzindawu ili pa thanthwe la mwala wa njereza, lokhala ndi ming'alu ndi mapanga ngati culu ca ciswe. Dothi la pamwamba pake ndi locepa, ndipo nthawi ya mvula madzi a pansi amakwera kufika pafupi ndi pamwamba. M'dothi lakuya ngati la kwathu madzi oipa amasefeka akamatsika, koma m'ming'alu ya mwala amangothamanga osasefeka. Tsono pafupifupi theka la madzi amene mzinda umamwa limacokera m'zitsime zakuya za pansi pomwepo, ndipo otsalawo amapopedwa ku mtsinje wa Kafue, pa malo ochedwa Iolanda, mtunda wa makilomita ngati 50. Madzi a pansi sadziwa mpanda. Kabulonga anayandikana ndi makomboni a Mtendere ndi Kalikiliki, ndipo pansi pa nthaka palibe mlonda woletsa za uku kupita uko.

Ndico cifukwa cake kolera imakonda Lusaka nthawi ya dzinja. Imene inayamba mu October 2023 inaposa zonse zam'mbuyo: m'dziko lonse odwala anapitirira 20,000 ndipo omwalira anaposa 700. Bwalo la mpira la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa mu January 2024 anatsegulidwa pa 12 February. Koma si kuti anthu akhala manja lende. Mu 2013 ku Kanyama, ndi mu 2014 ku Chazanga, anakhazikitsa magulu a anthu ophunzitsidwa kukhuthula zimbudzi zokumba, kumene galimoto yaikulu singalowe. Amathira m'migolo ya malita 60 yotseka bwino, kupita nayo ku malo oyeretsera, kumene zotsala zake zimaumitsidwa n'kusanduka manyowa. Pakati pa 2013 ndi 2018, ndi thandizo la ndalama za ku America, maiwe oyeretsera a ku Kaunda Square anakuzidwa ndipo mipope inaikidwa ku Mtendere.

Potsazikana, bambo uja anatipatsa nzeru imene tinaisowa tsiku lonse. "Kathanki kanu n'kakang'ono. Pezani nyumba ya m'malokesheni akale imene ili pa mipope, ku Kamwala, ku Libala kapena ku Kabwata. Thirani pang'onopang'ono, ndi madzi ambiri." Atachula Kabwata, mlongo wanga anayang'ana amuna ake. Alamu anayang'ana pansi.

KU KABWATA

Dzuwa linali litapendeka pamene tinalowa mu mseu wa Burma. Kabwata ndi amodzi mwa malo akale a anthu akuda mu Lusaka. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 atsamunda anamanga kuno tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu ta anchito ao. M'ma 1970 tambiri tinagwetsedwa kuti pamangidwe nyumba zosanja, koma toposa 40 tinasungidwa, ndipo kuyambira 1974 ndi mudzi wa zacikhalidwe, kumene osema ziboliboli ndi oluka madengu amagulitsa nchito zao. Kuno kulibe mipanda yamagetsi. Ana amasewera mpira m'mseu, mbaula zimayaka pakhonde, ndipo galimoto yathu itaima, anthu anatuluka kudzaona monga anacitira kumudzi.

Alamu anali atatilangiza kuti tisachule kanthu, tisiye ana, kenaka tiganize zocita. Koma mwana sasunga cinsinsi. Wamng'ono uja asanapereke ndi moni womwe anafuula kuti, "Agogo, cimbudzi ca m'galimoto cadzaza, ndipo anthu onse atikana!"

Amai aang'ono, amene zaka zao zapitirira 80, anakhala cete pang'ono. Kenaka analankhula ndi mlongo wanga, monga mwa mwambo, ngakhale mau anali kupita kwa amene anaima capatali cipewa cili m'manja. "Iwe NaPhiri, uwauze atate a kwanu kuti ulemu wao ndauona, ndipo ndathokoza. Koma ine ndinayambira banja ku migodi, masiku a zimbudzi za ndowa. Usiku uliwonse kunali kubwera anthu kudzacotsa ndowazo. Tinali kuwanyoza, ana n'kumawaponya miyala, koma akajomba masiku awiri komboni yonse inali kulira. Ndinaphunzira pamenepo kuti wocititsa manyazi si wonyamula iai, koma wotaya pamene anzake amamwa. Alowe nako."

Koma m'mipope ya kwaonso munalibe madzi tsiku limenelo. Kuseri kwa citseko kunali mgolo umene amai anadzaza usiku wapitawo, atadzuka pakati pa usiku pamene madzi anabwera. Ndiwo anali madzi ao ophikira ndi osamba. Tinati tidikire mpaka mawa, koma iwo analamula mdzukulu kuti atunge ndowa ziwiri. Alamu anavala magolovesi, nathira m'cimbudzi pang'onopang'ono, ine ndikutsatiza madzi. Anatsuka kathanki kawiri, madzi otsukirawo n'kuthira momwemo, anapukuta pansi ndi mankhwala a klorini, ndipo tonse tinasamba m'manja ndi sopo. Nchito imene inatidyera theka la tsiku inatha m'mphindi 10. Alamu anatulutsa ndalama, koma amai anakana. M'mawa mwake, asananyamuke, anapita ndi zigubu kukagula madzi, nadzaza mgolo uja mpaka pakamwa.

Usiku umenewo, tikudya nsima ndi kapenta, ndinalondola m'maganizo ulendo wa katundu wathu. Kucokera ku Kabwata anayenda m'mipope ya pansi kupita ku Manchinchi. Kumeneko zolemera zimapatulidwa, ndipo madzi amapita m'maiwe, m'mene dzuwa, mphepo ndi tizilombo tija timawayeretsa. Akacoka m'maiwemo amalowa mu mtsinje wa Ngwerere, umene alimi a ndiwo zamasamba amathirira nao madimba ao, ndipo Ngwerere amathira mu Chongwe, mtsinje womwe uja tinaoloka m'mawa. Za kumadzulo kwa mzinda zimapita ku Chunga, n'kutsikira mu Mwembeshi, amene amathira mu Kafue kumtunda kwa malo amene Lusaka amatungapo madzi. Mlongo wanga ananena zoona pa Manenekela paja.

KWA APAULENDO NDI OTSALA PAMUDZI

Kwa amene adzayenda ndi galimoto yotere, malangizo anga ndi awa. Musadikire kanyali kofiira. Kunja kwa mzinda, ca ku mseu wa Kafue ndi ca kum'mawa kwa Chelstone, kuli malo ogonapo alendo a misasa, ndipo wanzeru amayamba wafunsa kumeneko asanalowe m'tauni. Gulani mankhwala amene sapha tizilombo ta m'seputiki, kuti eni nyumba asakuopeni. Nyamulani madzi anuanu otsukira. Ndipo ngalande, khwawa, dambo kapena dzenje la miyala si potaira, ngakhale usiku.

Kwa inu a kumudzi amene mudzabwera ku Lusaka pa basi, makamaka m'dzinja, imwani madzi owiritsa kapena othira klorini, ndipo musayese kuti madzi ndi abwino cifukwa acokera mu mpope wa nyumba yokongola. Pakhomo panu, a zaumoyo amalangiza kuti cimbudzi citalikirane ndi citsime mamita osacepera 30, cikhale kunsi kwa citsimeco, ndipo dzenje lake lisafike pa madzi a pansi.

Nditabwerera ku Katete, agogo aja anandifunsanso ngati dzenje la galimoto lija linapezeka. Ndinawayankha kuti linapezeka: limayambira ku Kabwata n'kukathera mu mtsinje wa Chongwe, kumene anthu amatunga madzi akumwa. Iwo anapukusa mutu, nati za m'tauni n'zovuta. Madzulo ake ndinapita kuseri kwa nyumba yanga, ndinawerenga mapazi kucokera pa cimbudzi kufika pa citsime cathu, ndipo ndinapeza 18. Mvula ya caka cimeneco isanagwe, ndinakwirira dzenjelo ndi kukumba lina kunsi kwa munda.